Kalata yotseguka kwa akonzi a nkhani: mawu anu akufika ku Bembeke, koma nkhani ikutsalira m'njira

Kwa akonzi a nkhani m'mawailesi, m'nyuzipepala, pa kanema ndi pa masamba a intaneti,
kwa atsogoleri a MISA Malawi ndi a Media Council of Malawi,
ndi kwa aphunzitsi amene mumasula atolankhani m'makoleji athu.

Mabwana ndi madona, landirani moni wochokera kuno ku mapiri a Dedza. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu kumeneko ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ife kuno tadzuka, kungoti chifunga sichikutipatsa mpata. Nthawi ikumakwana 9 koloko phiri lisanaoneke.

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Choko ndidachigwira zaka 31 m'sukulu zapulayimale za kuno ku Dedza ndi zina za ku Ntcheu, makamaka masamu a Sitandade 7 ndi 8. Pano ndimalima mbatatesi ndi kabichi, komanso ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Lachitatu lililonse masana timasonkhana kuseri kwa tchalitchi, anthu 24 tikakwana tonse, kawailesi ka sola kali pakati. Nkhani zikangotha, nkhope zonse zimatembenukira kwa ine: “Aphunzitsi, apapa akuti chiyani?” Ndiye ndimayamba kumasulira. Taganizani, akuluakulu: nkhani yawerengedwa m'Chichewa, omvera ndi Achewa ndi Angoni oyamwira Chichewa, koma pakufunikabe munthu woti amasulire Chichewacho kuti chimveke. Masiku ena nanenso ndimangoti kukamwa yasa.

Chandikhazika pansi ndi cholembera ndi ichi. Mwezi watha wailesi ina yomwe timaikonda kwambiri kuno idachotsa pulogalamu yake ya mphindi 30, yomwe inkatenga nkhani imodzi yovuta ya sabatayo n'kuisenda bwinobwino ngati chinangwa. M'malo mwake mwalowa nyimbo ndi malonda. Dzina la wailesiyo sinditchula, chifukwa nthenda yomwe ndikufuna kunena siili m'nyumba imodzi. Ntchito yanu ndimailemekeza, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mudagonapo m'chitokosi chifukwa cha cholembera. Koma akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo utsi tikuuona bwino ndife okhala kuno komwe mawu anu amathera.

Ndiyambe ndi mvula, poti ndiyo idandiliza. Chaka china posachedwapa, nthambi yoona zanyengo itatulutsa ulosi wake wa dzinja, mutu wankhani womwe tidamva udali wakuti dziko la Malawi lilandira mvula yabwino. Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlongo wanga, mayi wamasiye wolera zidzukulu zitatu, adagulitsa mbuzi n'kugula mbewu ya chimanga ya haibulidi. Kumapeto kwa Okutobala kudagwa mvula masiku awiri otsatizana. Ndidamuuza kuti, “Achemwali, ichi n'chizimalupsa, tadikirani.” Yankho lake ndikulikumbukira mpaka lero: “Achimwene, wailesi yanena kuti chaka chino mvula ndi yabwino. Inu mwaposa wailesi?” Adabzala. Chimanga chidamera mokongola, kenako dzuwa lidaswa mtengo masabata atatu, mmera wonse n'kupserera. Pobwereza adabzala cha m'nkhokwe, mbuzi itapita kale.

Mlongo wangayo ali ndi mbali yake, sindimuikira kumbuyo. Chizimalupsa adachidziwa ali kamtsikana. Koma patapita nthawi alangizi athu adandionetsa chikalata chenicheni cha ulosiwo, ndipo ndidagwira pakamwa. Mulibemo tsiku lobzala. Chimanena kuti mvula yonse ya miyezi itatu, mukaiphatikiza, ikuyembekezeka kufanana ndi ya zaka zambiri kapena kuposerapo. Mvula yotere ikhoza kukhuthuka yambiri m'masabata awiri, ng'amba n'kutsatira, chiwerengero n'kukwanabe. Komanso a zanyengo amatulutsa ulosi wa boma lililonse palokha, ndi wina wa masiku ochepa akubwerawa. Zonsezi zidalipo. Mtolankhani adatolapo chiganizo chimodzi chokoma m'khutu, zotsala n'kuzisiya patebulo.

Ndipo nkhani yonena za dziko lonse ingathandize bwanji munthu wa ku Dedza, pomwe Dedza yemweyu ali pawiri? Kuno ku Bembeke timadzuka ndi majuzi ngakhale m'chilimwe; mukatsetsereka kupita ku Golomoti ndi ku Mtakataka mupeza anthu akugona pakhonde chifukwa cha kutentha. Ku Ntcheu n'chimodzimodzi, Tsangano ndi chigwa cha Bwanje ndi maiko awiri.

Kumapeto kwa 2023 mawu akuti El Niño tidawamva mpaka makutu kuwawa. Bambo wina wa m'kalabu mwathu adandifunsa kuti ameneyu afika tsiku liti, kuti amangiretu denga lake ndi mawaya. Ankayesa ndi namondwe, mng'ono wake wa Freddy uja wa mu Malichi 2023. Masekondi 20 akadakwana kumuuza kuti ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kutali uko, komwe kumasokoneza mphepo n'kuchepetsa mvula kuno kummwera kwa Africa, ndipo kuti chofunika ndi mbewu yocha msanga, osati mawaya. Pofika pa 23 Malichi 2024, pomwe Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala, bamboyo adali atamvetsa. Adamvetsera m'munda mwake.

Dandaulo lachiwiri ndi la manambala, ndipo apa mundilole ndichedwepo, poti ndi munda wanga.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank idachepetsa mphamvu ya kwacha. Paliponse mawu adali amodzi: 44 peresenti. Sabata yomweyo mayi wina adafika ku banki m'khonde ya amayi a m'mudzi mwathu maso ali psu, akufuna masheya ake onse tsiku lomwelo. Adali ndi K100,000 m'bokosi, ndipo adamva kuti boma ladulapo K44,000. Amayi anzake adachita kutuma mwana kudzanditenga kudimba kuti ndikaweruze. Chidachitika n'chakuti dola imodzi, yomwe mabanki ankagulitsa pa K1,180, idayamba kugulitsidwa pa K1,700. Kusiyana kwake ndi K520, ndipo K520 pa K1,180 ndiye 44 peresenti ija. Ndiye kuti chomwe chidakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Ndalama za mayi uja zidali zonse m'bokosi, osachokapo ndi khobidi lomwe. Chidachepa ndi katundu wakunja yemwe ndalamazo zikadagula, monga feteleza, mafuta agalimoto ndi mankhwala opopera mbatatesi ku chiwawu. Ziganizo zitatu zokha, koma m'nkhani yomwe ife tidamva mudalibe. Chonsecho kuno ndi kumalire. Pa Lizulu mukangooloka msewu wa M1 mwaponda dziko la Mozambique, ndipo mayi aliyense wogulitsa tomato pamenepo amadziwa kuti metikali akusintha bwanji m'mawa uno. Mukadayambira pamenepo, ndani akadasokonezeka?

Ina ndi iyi imabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku National Statistical Office ku Zomba. Mumati “kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika”. Munthu amagwira mawu otsirizawo: kwatsika. Apita kugolosale, apeza sopo wakwera, abwerako akuti wailesi ndi yabodza, apo ayi wagolosale ndi wakuba. Chonsecho onse awiri sadaname. Tiyerekeze kuti sopo adali K1,000, chaka chatha n'kufika K1,300. Wakwera ndi 30 peresenti. Chaka chino wafika K1,560. Wakwera ndi 20 peresenti. Chatsika ndi liwiro lokwerera, sopoyo akukwerabe. Minibasi yochoka ku Dedza ikachepetsa liwiro pa Chimbiya sindiye kuti yakhota kubwerera, ikupitabe ku Lilongwe. Fanizo limeneli ndidaliyesa pa ana a Sitandade 7 a mdzukulu wanga, ndipo onse adalimva ulendo umodzi.

Nanga mabiliyoni? Mumawatchula ngati mtedza. Kwa munthu yemwe ndalama yaikulu adaigwirapo ndi ya matumba khumi a mbatatesi, K5 biliyoni ndi K50 biliyoni ndi mawu amodzi: zambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza ndi pafupifupi 660,000 ku Ntcheu. K1 biliyoni mukaigawira anthu a ku Dedza okha, aliyense alandira K1,200 ndi timakobidi pang'ono. Mwaona momwe biliyoni yafupikira? Kuwerengera kotere n'komwe kumathandiza munthu kuona ngati ndalama yolengezedwayo ndi ng'ombe kapena ndi mbewa. Komanso pali kusiyana pakati pa ndalama yolembedwa m'bajeti, yomwe yatulukadi ku Capital Hill kufika kukhonsolo, ndi yomwe yagwira ntchito. Inu zitatuzi mumazitcha dzina limodzi: “boma lapereka”. Anthu akaona kuti mlatho palibe, amayamba kuloza chala khansala kuti wadya, mwina ndalamazo sizidanyamuke n'komwe. Ndipo mwina adadyadi. Ife tidziwa bwanji inu mukapanda kutsata?

Ngakhale 50+1 ija ya pa chisankho cha pulezidenti, chiyambire 2020 alipobe owerenga nkhani amene amati ndi 51 peresenti, chonsecho ndi theka la mavoti kuonjezapo voti imodzi.

Dandaulo lachitatu ndi la milandu, ndipo ili likhoza kuphetsa munthu. Mnyamata wina wa mudzi woyandikana nafe adamangidwa pomuganizira kuti adaba ng'ombe. Nkhani idatuluka madzulo omwewo: dzina lake, zaka zake, mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu. Mawu oti “akuganiziridwa” adamveka kamodzi koyambirira, kotsala konseko nkhani idayenda ngati mlandu udazengedwa kale. Patatha masiku angapo anthu adamuona akupalasa njinga pamsika. Mudzi udatentha: apolisi adya ndalama! Usiku umenewo adathawira kwa atsibweni ake kutsidya, ndipo nyumba yake idapulumuka chifukwa agulupu adaima pakhomo ndi ndodo yawo mpaka tambala woyamba. Palibe adauza anthu kuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kuti belo ndi kudikirira mlandu uli kunyumba osati kumasulidwa, ndiponso kuti belo ya kupolisi salipira. Miyezi isanu itadutsa khoti lidapeza kuti mnyamatayo alibe mlandu. Nkhani imeneyo sidamveke paliponse. Mpaka lero ana akamuona amalira ngati ng'ombe.

Za malo ndingodutsamo, ngakhale zikuyenera kalata yakeyake. Lamulo la malo a makolo lidakhazikitsidwa mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022. Ena mudati boma likulanda mafumu malo, ena mudati aliyense alembetse munda wake. Kuno kwathu n'kwachikamwini: munda umayenda ndi mbumba, mwinimbumba ndiye amayang'anira, mkamwini amangolima. Tsono papepalapo palembedwa dzina la yani? La mayi, la mwamuna wake, kapena la atsibweni? Funso limeneli lidayambanitsa mabanja kuno, koma ine sindidamvepo nkhani yoyambira pamenepo. Ndi angati adauzidwa kuti komiti ya malo imakhala kwa agulupu, ndipo kuti mwa anthu 6 osankhidwa kulowamo, osachepera atatu ayenera kukhala amayi?

Kwa nthawi yaitali ndinkayesa kuti vuto ndi ulesi wa atolankhani. Adanditsegula maso ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe adatolerapo nkhani kuno zaka ziwiri, wolipidwa pa nkhani yokhayo yomwe yatuluka. “Atsibweni,” adatero, “musatinene musanaone momwe nsimayi imaphikidwira.” Tsiku lake linkayenda chonchi. M'mawa foni: kuli mwambo kwakutikwakuti. Galimoto yomutenga paboma ndi ya okonza mwambowo, poti kuntchito sadamupatse yoyendera. Mlendo wolemekezeka afika mochedwa ndi maola atatu, awerenga zolembedwa m'Chingerezi, kenako apatsa atolankhani mphindi ziwiri pambali pa galimoto, injini ikulira. Pobalalika pali kaenvulopu kaja mumakatcha chipondamthengo. Abwerera pa galimoto yomweyo, alemba nkhani pafoni m'Chingerezi, aitumiza pa WhatsApp 4 koloko isanakwane. Mkonzi ali ndi nkhani zina 20 zomudikira; adula kumchira, aika mutu. Kwatsala mphindi 15 kuti nkhani za m'Chichewa ziyambe, ndi pomwe pepalalo limafika kwa womasulira, kawirikawiri wamng'ono kwambiri m'chipindamo, yemwe kumwambo kuja sadapiteko ndipo alibe womufunsa. Amasulira liwu ndi liwu. N'chifukwa chake timamva zoti “mbali zonse zokhudzidwa zabwera pamodzi kuti ziike m'malo ndondomeko zolimbikitsa kuthekera kwa alimi”. Mawu onsewo ndi a Chichewa, koma ndani adalankhulapo choncho pamaliro, pabwalo la milandu kapena pachigayo?

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani yadutsa m'manja anayi, ndipo mwa anayiwo palibe adapatsidwa nthawi yoti aimvetse. Chingerezi chimadya nsima yotentha, Chichewa chimalandira makombo, chonsecho omvera ambiri ndife. Ndipo munthu wakwera galimoto ya mwini mwambo, wadya chakudya chake, walandira envulopu yake, angafunse bwanji funso lowawa? Mwanayo sindimuda. Adasiya ntchitoyo, pano akugulitsa mayunitsi.

Zipatso za kaphikidwe kameneka timaziona chaka ndi chaka pa nkhani ya zipangizo zotsika mtengo. Pansi pa AIP thumba la feteleza lidali K4,495 mu 2020, K7,500 mu 2021, K15,000 mu 2022, ndipo opindula adachoka pa mabanja oposa 3 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni mu 2023. Mwambo wotsegulira mudaulemba chaka chilichonse. Za anthu ogona pamzere podikira netiweki mudalembanso, ndikuvomereza. Koma funso lomwe linali pakamwa pa aliyense kuno lidali lina: dzina langa walichotsa ndani, potsata chiyani, ndipo ndikadandaule kwa yani? Yankho lake lidafuna munthu wowerenga ndondomeko ya pulogalamuyo, kufunsa kuofesi ya zamalimidwe, n'kubwera kudzaona ngati zolembedwazo ndi zomwe zikuchitika m'mudzi. Imeneyo ndi ntchito ya masiku atatu, osati ya masana amodzi.

Ndamvapo ena mwa inu akunena kuti anthu akumudzi zinthu zozama sangazimve, n'chifukwa chake mumawapatsa zachidule. Pepani, akuluakulu, apa ndikana. Kumbukirani mlandu wa chisankho cha 2019. Mawailesi ankaulutsa zochitika m'khoti, womasulira akutembenuza m'Chichewa pompopompo, ndipo kwa miyezi anthu ankapita kumunda wailesi ili m'khosi. Agogo osadziwa kulemba dzina lawo ankatsutsana za tipeksi, za mapepala a zotsatira ndi za kusiyana kwa pepala lenileni ndi lobwereza. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adawerenga chigamulo tsiku lonse, ndipo kuno anthu sadachoke pawailesi mpaka mdima. Kodi ulipo mlandu wovuta kuposa umenewo? Nthawi ya kolera, yomwe idayamba mu Malichi 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700, mudafotokoza za madzi, za klorini ndi za kuthamangira kuchipatala momveka bwino, mobwerezabwereza, ndipo anthu adamva. Masamba a Chichewa monga Tamvani, Msangulutso ndi Tikambe, nyuzipepala monga Fuko, Mkwaso ndi Boma Lathu, pamodzi ndi mawailesi a m'madera, aonetsa kangapo kuti chilankhulo chathu chimanyamula katundu wolemera. Luso lilipo pakati panu. Chikusowa ndi dongosolo loti luso limenelo lizigwira ntchito tsiku lililonse, osati pa chisankho ndi pa mliri pokha.

Tsono zopempha zanga ndi izi, ndaziika manambala kuti poyankha muzitchula nambala.

1. Nkhani yovuta isanalembedwe, mtolankhani ndi mkonzi agwirizane chiganizo chimodzi cha m'Chichewa choyankha funso lakuti: izi zisintha chiyani kwa mayi wogulitsa mbatatesi pa Tsangano? Chiganizocho chikakanika kutuluka, ndiye kuti nkhaniyo sinapse, isaphulidwe. Chikatuluka, chikhale choyamba m'nkhanimo, mawu a nduna abwere pambuyo.

2. Nkhani ya omvera Chichewa ilembedwe m'Chichewa kuchokera pachiyambi. Ngati n'kosatheka, womasulira azikhala nawo pa mkumano wanu wam'mawa, alandire nkhani nthawi ikadalipo, ndipo akhale ndi ufulu woimbira foni mtolankhani n'kumufunsa kuti, “apa ukutanthauzanji?” Ntchito yomasulira ipatsidwe kwa anthu okhwima, ndipo malipiro ake aoneke kuti ndi a munthu wokhwima.

3. Nambala isayende yokha. Peresenti iliyonse ibwere ndi “kuchoka pakuti kufika pakuti” m'makwacha. Biliyoni iliyonse igawidwe: ndi matumba angati a feteleza, ndi midadada ingati ya sukulu, ndi zingati pa munthu mmodzi. Muzinena ngati ndalama yangolonjezedwa, yatuluka, kapena yagwira ntchito. M'chipinda chilichonse cholembera nkhani mukhale munthu mmodzi wobwereza masamu nkhani isanatuluke. Aphunzitsi opuma tilipo ambiri, ndipo sitidula.

4. Patulani nkhani imodzi pa sabata yoti mtolankhani aigwire masiku atatu, ndi ndalama yoyendera yochokera m'thumba la kampani yanu. Ngati wayenda pa galimoto ya okonza mwambo, omvera auzidwe poyera. Za chipondamthengo mukudziwa nokha kuti mankhwala ake ndi malipiro okwanira komanso ofika pa nthawi yake, makamaka kwa atolankhani a m'maboma.

5. Werengani chikalata chenichenicho, osangodalira mawu a mneneri. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidasainidwa mu 2017 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Inu nomwe mudalimenyera nkhondo zaka zambiri. Ligwiritseni ntchito kukhonsolo, kuofesi ya zamalimidwe ndi ya zamalo, osati ku Capital Hill kokha.

6. Nkhani yovuta isanaulutsidwe, iwerengereni munthu wamba mmodzi, kaya ndi mlonda wa pageti panu, kaya mayi wosesa, kaya kalabu yomvera wailesi pafoni, kenako mumufunse kuti abwereze zomwe wamva. Akabwereza zina, olakwa si iye.

7. Khalani ndi kaundula wa nkhani zosatha: milandu yomwe mudatchula maina a anthu, malonjezo a miyala ya maziko, ndalama zolengezedwa. Amene mudamutchula pomangidwa mudzamutchulenso khoti likagamula, pa nthawi yomweyo ya nkhani, ndi mawu okweza chimodzimodzi. Mukalakwitsa, konzani pamalo pomwe mudalakwitsirapo, osati kumapeto anthu atazimitsa kale wailesi.

8. A MISA Malawi ndi a Media Council of Malawi, khalani pansi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, amene adalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, mukonze mndandanda umodzi wa mawu a zachuma, zamalamulo, zanyengo ndi zaumoyo, womwe nyumba zonse za nkhani zizitsata. Koma mawuwo muwayese kaye pamsika asanasindikizidwe. Ndipo pa mphoto zanu za pa 3 Meyi, nkhani yofotokoza bwino chinthu chovuta m'chilankhulo cha kuno ipatsidwe ulemu wofanana ndi wa nkhani yovumbula katangale. Inu aphunzitsi a ku MIJ, ku MUBAS ndi kwina, mwana asatuluke ndi pepala la utolankhani asanalembe bajeti ya dziko m'Chichewa chomveka kwa agogo ake.

9. Eni wailesi ija, tibwezereni mphindi 30 zathu. Ngati vuto ndi wolipira pulogalamu, nenani poyera. Mwina tingakuthandizeni kugogoda pa zitseko.

Inu amene mwaipeza kalatayi pa Facebook kapena pa WhatsApp, ngati muli ndi mbale kapena mnzanu wogwira ntchito m'nyumba ya nkhani, mutumizireni. Ngati nanunso mudapwetekapo ndi nkhani yomveka theka, onjezani yanu pansipa, koma osatukwana munthu.

Akonzi, amene angafune kuyesa pempho nambala 6 asanalikane, ife tilipo Lachitatu lililonse 2 koloko masana. Mukatsika pamphambano ya Bembeke, uzani wa kabaza kuti mukupita kwa aphunzitsi a wailesi. Bwerani ndi nkhani yanu ya kukwera mitengo kwa zinthu, muiwerenge nokha pamaso pa mlongo wanga, kenako mumufunse chomwe wamva. Mbatatesi yowotcha tikupatsani. Juzi yokha mutenge yanu.

Ine wanu womvera ndi kuwerenga nkhani zanu tsiku ndi tsiku,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Bembeke, Dedza.